Pasiwa Pamene Anatiletsa Kulira

Ine mabuku sindidana nawo. Atate athu anali aphunzitsi a sukulu ya mishoni, ndipo ife tinakula tikusamba m'manja tisanagwire buku. Inenso ndagwira choko moyo wanga wonse, kuphunzitsa ana ang'onoang'ono m'tauni ya Chipata. Koma alipo mabuku ena amene ndikadawapeza lero ndikadakolezera mbaula osaphethira n'komwe. Anali a mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, ndipo mpaka pano ndikawakumbukira mtima umanditentha.

Alamu ankaphunzitsa kusekondale. Anali aatali, a mawu ofatsa, osamwa mowa, osamenya mkazi, ndipo anthu a ku Kapata kumene ankakhala ankati mng'ono wanga anatola mwayi. Mabukuwo anawasiyira ndi mphunzitsi wina wokalamba wa kumishoni pobwerera kwawo kutsidya la nyanja. Anali onenepa, a zikuto zolimba, onunkha nkhungu, olembedwa ndi anthu amene anafa kalekale. Ena anali a malamulo, ena a ndale ndi kayendetsedwe ka dziko, lina lalikulu la matenda ndi mankhwala, ndiye ena a filosofi, amene alamu ankawatcha mabuku a nzeru za moyo. Tsiku limene anafika nawo anatulutsa mbale zadothi za paukwati m'kabati yagalasi ya pabalaza n'kuikamo mabuku. Mbale zinakagona m'katoni kunsi kwa bedi. Mng'ono wanga anangoseka. Ine ndinati, "Iwe, lero atulutsa mbale, mawa atulutsa iwe." Nthawi imeneyo ndinkanena mwanthabwala.

Zinali zaka zija titangochoka m'chipani chimodzi, pamene aliyense anasanduka katswiri wa ndale, ngakhale wogulitsa makala. Alamu anapeza mpingo wawo. Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo pankasonkhana aphunzitsi anzawo ndi makalaliki a kuboma, iwo ali pakati, buku pamiyendo, akuwerenga m'Chingerezi n'kumamasulira ngati abusa. Zikadathera pansi pa mtengo pomwepo sindikadalankhula kanthu. Vuto n'loti mabuku aja analowa m'nyumba mpaka kukhitchini. Mwana akatsokomola, buku la matenda. Nkhuku ya aneba ikajompha repu m'dimba, buku la malamulo. Mng'ono wanga akadandaula kuti mafuta ophikira akwera mtengo, ankamuwerengera za mmene maufumu akale ankagwera. Munthu wafunsa za mafuta, akumuyankha za mafumu.

Limene analikonda kuposa onse linali laling'ono, lobiriwira, lolembedwa ndi munthu wina wamakedzana. Linkaphunzitsa kuti munthu wanzeru sagwedezeka ndi zinthu zimene sangathe kuzisintha, kuti chisoni ndi matenda a maganizo, ndipo misozi imaonetsa mtima wosaphunzira. Limeneli ndilo ankamuwerengera mng'ono wanga akamasankha nyemba, akamasenda mbatata, chaka ndi chaka. Mng'ono wanga ndi munthu womvera chibadwire. Ine atate akandikalipira ndinkayankha mpaka kukwapulidwa, iye ankangowerama. Anakwatiwa ali wamng'ono, sukulu anasiyira panjira, ndipo ankakhulupirira kuti chilichonse chotuluka pakamwa pa mwamuna wake n'chapamwamba kuposa zimene iye mwini akumva mumtima. Ndinamuuzapo kuti amuna akewo akumuthira madzi m'mutu. Anati ndili ndi nsanje chifukwa amuna anga ankangowerenga za mpira m'nyuzipepala.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, amene anali atangolowa giredi yoyamba pasukulu yomwe ndinkaphunzitsa. Mano akutsogolo anali atachoka, ndiye akamaseka ankatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Nthawi ya buleki ankabwera kudzaima pakhomo la kalasi yanga osanena kanthu, mpaka nditamupatsa chitumbuwa. Ankanditcha amama aakulu.

Anadwala malungo mvula ili pakati, sabata ija imene malole ankadutsa atadzaza anthu opita ku mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni. Pa ichi sindiwanamizira alamu. Sanachedwe naye, anamubereka okha kumsana mpaka kuchipatala, ndipo a chipatala anachita zimene akanatha. Malungo anakwera kumutu. Mwana anatisiya m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, tonse atatu tili pambali pa bedi lake.

Aliyense amene anagonerapo mwana m'wodi amadziwa zimene zimachitika pamenepo. Nesi akakoka nsalu, mayi amaponya mfuu, ndipo amayi ena onse a m'wodimo, ngakhale osamudziwa, amamulandira kulirako. Mng'ono wanga anakweza manja kumutu, anatsegula pakamwa, mawu anayamba kutuluka. Alamu anamutseka pakamwa ndi chikhatho. Ndinaona ndi maso angawa. Sanamumenye ayi, anachita mofatsa ngati munthu akuvundikira mphika, n'kuwerama pakhutu pake.

"Amake mwana, kumbukirani zimene takhala tikuwerenga. Mayeso ake ndi ano. Musadzichititse manyazi. Lonjezani."

Mng'ono wanga anawayang'ana maso ali tong'o, n'kugwedeza mutu. Atachotsa dzanja, mng'ono wanga anameza. Ndinaona khosi lake likuyenda pomezapo. Ine ndinalira ndekha, ndinakuwa mokwanira anthu awiri, poganiza kuti akandimva atsatira. Sanatsatire.

Pofika ku Kapata anthu anali atamva kale. Achinyamata a mumpingo anali akutulutsa mipando ndi matebulo pabalaza kuti amayi ayale mphasa, monga timachitira pasiwa paliponse. Atafika pa kabati, alamu anati isasunthidwe, mabuku anganyowe ndi mvula. Ndiye ife amayi tinakhala pansi mopanikizana, mawondo akugundana, kabati ili njo pamalo pamene pakadakhala anthu. Mng'ono wanga tinamukhazika motsamira khoma, ndipo zinangochitika kuti anayang'anizana nayo.

Kenaka alamu anakaima pageti. Mayi wobwera pamaliro amayamba kubuma ali kumsewu, ndipo a m'nyumba amamuyankha, woyamba kuyankha amakhala mwini mwana. Alamu ankawachingamira mmodzimmodzi, atavala tayi, manja atagwira kutsogolo ngati wolandira alendo paukwati.

"Zikomo amai kuti mwabwera. Koma pano tapempha bata. Nyimbo imbani, kupemphera pempherani, kukuwa ayi."

Ena anadabwa n'kukhala chete. Ena, makamaka achikulire, anawalambalala ngati chitsa n'kulowa akulira. Koma akafika pakhomo n'kupeza mwini mwana ali duu, maso ouma, akuyang'ana kabati, kulira kwawo kunkazilala. Munthu umachita manyazi kukuwa wekha mayi wa mwana ali phee. Mmodzimmodzi ankapukuta m'maso, kukhala pansi, n'kuyamba kuyang'anana.

Kuyang'anana kumeneko ndinkakudziwa tanthauzo lake, ndipo ndinachita mantha. Kwathu bambo akapanda kulira amati walimba mtima. Mayi akapanda kulira mwana wake amati akudziwapo kanthu. Sipanapite nthawi, ndinamva kumbuyo kwanga mayi wina wogulitsa kapenta pamsika akunong'oneza mnzake.

"Mwaona? Mwana mmodzi yekha, osagwetsa ngakhale kadontho. Awa si abwinobwino awa."

"Nanga mabuku aja achita kukaniza kutulutsa," anatero mnzakeyo, "mulimo chiyani?"

Ndinadzuka, ndinaponda miyendo ya anthu osapepesa, n'kukawakoka alamu pageti mpaka kuseri kwa khola la nkhuku.

"Alamu, nichani ichi mukuchita?"

"Tikusunga ulemu wa mwana, alamu."

"Ulemu? Mukudziwa zimene akunena m'nyumbamo? Akuti mng'ono wanga wadya mwana wake."

"Umenewo ndiwo umbuli umene tikulimbana nawo. Tikawagonjera lero sadzaphunzira."

"Pano si pasukulu! Mwana wanu ali kumochale."

Sanakweze mawu. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri ndi chimenecho, kuti munthu ukuphulika iwo akukuyankha ngati akuwerenga nkhani pawayilesi. Anati kulira mokuwa kumakweza magazi, zinalembedwa m'buku la matenda, ndipo mkazi wawo ndi wofooka. Anati nyumba ndi yawo, ndipo malamulo akale ndi atsopano omwe amagwirizana kuti mwini nyumba ndiye amanena zochitika pakhomo pake. Pa mkangano uliwonse anali ndi buku lake.

"Amene analemba mabuku anuwo anaberekapo? Anayamwitsapo?"

"Ena mwa iwo anataya ana, ndipo sanakuwe."

"Nanga akazi awo? Analemba kuti akazi awo anatani?"

Anakonza tayi n'kubwerera pageti.

Amayi athu anafika madzulo kuchokera ku Madzimoyo, kumene ankalima chimwalirire cha atate. Tinawamva ali kutali, mawu awo ndinkawadziwa. Apa alamu anasowa chochita, chifukwa mkamwini saimirira kutsogolo kwa apongozi ake n'kuwaletsa njira, ngakhale ataphunzira bwanji. Anazemba n'kukakhala ndi abambo pansi pa mtengo wa mango. Amayi analowa akugubuduka, nyumba yonse inayambiranso kulira, ine ndinati basi, tsopano zatheka. Anamugwera mng'ono wanga, anamugwedeza m'mapewa.

"Lira mwana wanga! Lira, tili pano!"

Mng'ono wanga anawayang'ana n'kunena kuti, "Amama, mwayenda bwanji?"

Amayi anamusiya ngati agwira moto. Ndinaona amayi aja a kapenta akugwirana mwendo.

Tsiku loika maliro, m'mawa, ndinapita kuseri kwa nyumba kukatenga beseni. Bafa lawo linali la malata, lopanda denga, chitseko chake chosafika pansi. Ndinamva phokoso m'katimo, ngati munthu watsamwa. Pansi pa chitseko ndinaona nsapato za alamu, zopolishidwa bwino. Ndinaima. Munthu ankalira mmenemo, kulira kwenikweni kochokera m'mimba, atadziluma thaulo kuti asamveke. Pakati pake ndinkamva akuti mwana wanga, mwana wanga. Ndinawadikira pomwepo, beseni lili m'manja, mpaka anatuluka atasamba kumaso, tayi ali pamalo pake.

"Alamu, buku lija likuti m'bafa ndiye mololedwa?"

"Ndinali kusamba kumaso."

"Ndakumvani. Sindiuza munthu aliyense panjapa, ulemu wanu ukhala. Koma lowani m'nyumba mukamuuze kuti alire. Mawu amodzi okha. Ife tayesa tonse, amva inu."

Ndinawapempha, ine amene sindinapemphepo mwamuna chinthu. Ndinagwada m'matope a kuseri kwa bafa. Anayang'ana pansi, ndipo ndinakhulupirira kuti alowa. Kenaka anapuma mozama.

"Ine ndagonja, alamu. Koma iye akukhoza bwino. Musamusokoneze."

Anthu ena ndikawafotokozera zimenezi amati ndiwamvere chisoni, nawonso anali bambo wofedwa, anangosochera ndi maphunziro. Ayi. Munthu wosochera sadziwa njira. Iwo anaidziwa njira, anapita okha kukatula katundu wawo kubafa, n'kumusiya mkazi atasenza. Ankamuonera ngati mwana wa sukulu amene akuwalembera mayeso. Chisoni changa chinathera pa mng'ono wanga ndi pa mwana uja, kwa iwo sikunatsale kanthu. Akadali moyo, ndi okalamba tsopano, anthu amawavulira chipewa m'tauni. Akandipatsa moni ndimayang'ana kumbali.

Ndinathamangira m'nyumba, mawondo ali matope, n'kukhala pafupi ndi mng'ono wanga. Ndinaswa lonjezo langa nthawi yomweyo ndipo sindidandaula.

"Iwe, amuna ako akulira kubafa. Ndawamva ndekha. Lira nawenso."

"Asisi," anatero chapansipansi, "musawanamizire."

Kumanda kunali matope okhaokha. Bokosi linali laling'ono moti amuna awiri analinyamula mosavutika. Abusa atamaliza, alamu anapempha kuti alankhule, ndipo anathokoza anthu chifukwa cha bata, n'kunena kuti mkazi wawo waonetsa kuti nafenso tingathe kulandira imfa ngati anthu ophunzira. Ataitana mayi wa mwana kuti aike nkhata ya maluwa, mng'ono wanga anayenda yekha popanda womugwira, anaika nkhata, anaona kuti yapendekeka n'kuiwongola. Kumbuyo kwanga wina analavula. Pobwerera, amayi ambiri sanafike n'komwe panyumba kudzasamba m'manja, anangopatukira kwawo.

Masiku otsatira zinaonekeratu. Mng'ono wanga akafika pampopi kukatunga madzi, nkhani zinkatha. Amayi ankaitana ana awo kuti alowe m'nyumba iye akamadutsa. Amene ankabwera kudzapempha mchere anasiya. Alamu palibe anawanena, iwo anali aphunzitsi, ndipo Loweruka lotsatira anzawo aja anabweranso pansi pa mtengo wa mango. Zonse zinagwera mkazi. Koma ine za anthu sindinkazisamala kwenikweni, pakamwa pa anthu a m'komboni pamatopa pokha. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi mmene ankaonekera. Sankadya, koma ankaphika. Ankasesa pabwalo posesedwa kale. Ukamulankhula ankayankha bwinobwino, mwaulemu, ngati mlendo. Kulira kuja kumene anameza m'wodi kunali kudakali m'kati mwake, ndipo ndinkaopa kuti kumupha.

Tinapangana ndi amayi. Tinadikira tsiku limene alamu anapita kusukulu, n'kumuuza mng'ono wanga kuti avale, tikupita kumudzi. Sanafunse chifukwa. Ine ndinalowa kuchipinda cha mwana n'kutenga yunifolomu yake, imene inali idakali pamsomali kuseri kwa chitseko, n'kuibisa m'chikwama. Tinakwera minibasi ya ku Madzimoyo.

Amayi anali atatumiza kale uthenga. Pakhomo pawo tinapeza azakhali athu, amayi ang'ono, ndi amayi a m'mudzimo amene analephera kubwera kutauni, anthu amene anamuona mng'ono wanga akubadwa, amene anamuvinira paukwati wake. Kumeneko kunalibe womunena. Chimanga chinali chitamasula kuzungulira nyumba yonse, kunalibe geti, kunalibe tayi. Anayala mphasa m'nyumba, anamukhazika pakati. Azakhali aakulu anamugwira kumutu.

"Mwana wathu, kuno ndi kwanu. Kulibe wokuletsa. Ife tiyamba, iwe utitsatire."

Ndinatulutsa yunifolomu ija n'kumuika pamiyendo. M'thumba mwake munali mudakali kachidutswa ka pensulo kotafunidwa kumapeto. Azakhali anayamba, amayi analandira, nyumba yonse inabuma. Ankatchula mwanayo, mano ake ochoka, mmene ankathamangitsira mbuzi akabwera patchuthi. Ine ndinkalira maso anga ali pa iye.

Anaigwira yunifolomu ija ndi manja onse, anainunkhiza. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anakweza mutu, anatsegula pakamwa, mitsempha ya m'khosi inatuluka. Ndinati m'mtima, Mulungu, ndi pano. Panatuluka mpweya wokha. Anayesanso, anadzimenya pachifuwa ndi chibakera, nkhope yonse itakwinyika, koma maso ali ouma ndipo mawu osatuluka. Anatembenukira kwa ine, anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

"Asisi, ndikufuna. Sikubwera."

"Yesanso, iwe. Yesanso, tili nawe."

Anayesa. Amayi aja anapitiriza, sanafune kumusiya yekha, analira mpaka mawu anasasa, dzuwa linapendeka. Kenaka anayamba kutopa, mmodzi kuleka, wina kuleka, mpaka munatsala kufwenthera kokha. Mng'ono wanga anapinda yunifolomu ija bwinobwino, anaiika pamphasa, anagwada n'kuomba m'manja kwa azakhali, kwa amayi, kwa onse amene anali m'nyumbamo.

"Zikomo kwambiri. Mwandilirira mwana wanga."

Atatero anafunsa ngati minibasi yopita kutauni ingapezekebe pamsewu, chifukwa malaya a amuna ake ovala mawa kusukulu anali osasita.